Tinathawa khamu, nyanja inatitsekera njira

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu ana asukulu mwakhala kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Koma mundilole ndiyambe ndi manyazi anga, chifukwa ndikawabisa mayi akunyumba adzawanena okha, ndipo iwo sachotsera.

Nthawi ya mliri wa korona ija, tsiku lina ndinapita ku Eastleigh, konkuno ku Nairobi, kukagula bulangete. Pakhomo pa sitolo ina panali botolo lalikulu lopopera. Ine osafunsa. Ndinapopa, n'kuyamba kutikita bwinobwino, pakati pa zala, kuseri kwa manja, monga ankatiphunzitsira pa wailesi. Ndikuona manja akungonyezimira, sakuuma. Mwini sitolo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mzee," ndiye kuti madala, "amenewo ndi mafuta a tsitsi, timagulitsa." Ndinakwera minibasi, ija kuno timati matatu, manja ali noninoni, chitsulo chogwirira chikungondipulumuka.

Sekani ndithu, nanenso ndimaseka. Koma ndi mmene ndinalili masiku amenewo. Mtima unali m'mwamba, ndipo chifukwa chake ndi mayi akhala apowa, aNachisale. Ali ndi mphumu kuyambira ali mtsikana. Ikawagwira, chifuwa chimalira ngati kamwana ka mphaka, ndipo sayenda popanda kapampu kawo kopopera m'kamwa.

Tsono ine vuto langa ndi kuwerenga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ntchito ya udalaivala theka lake ndi kudikira. Mabwana a ku Runda akamabwerera kwawo amandisiyira mabuku, ine n'kumawerenga m'galimoto chilichonse chimene ndapeza. Ndawerenga za njuchi, za nkhondo za anthu amene sindidzawaona, mpaka buku la kawetedwe ka nkhosa za ubweya, ine wopanda ndi nkhuku yomwe. Mliri utafika mabwana anayamba kugwirira ntchito kunyumba, galimoto inaima, ine ndinatsala ndi foni m'manja. Ndipo m'fonimo ndinawerenga kuti odwala chifuwa ndiwo ali pangozi yaikulu.

Mtendere unathera pomwepo, abale. Unathera pomwepo. Kanyumba kathu ka ku South B ena mwa inu mumakadziwa, ndi kakang'ono, koma ndinkayendamo uku ndi uku ngati ndikupita kwinakwake. Kukhala pansi osatheka. Nthochi kutsuka ndi sopo, masamba a sukuma kutsuka ndi sopo, mpaka ndiwo zinkamveka thovu. Mayiwa akamasoka ine ndili chilili kumbuyo kwawo, kumvetsera mmene akupumira. Akatsokomola kamodzi, ndagwira kale foni. Ndinawaletsa kutuluka ngakhale kukayanika zovala. Kupemphera ndinkapemphera, Abusa, sindinasiye, koma diso limodzi linali lotsinzina, lina lili pa nkhani za mliri.

Boma litatsegula misewu kuti anthu ayambenso kutuluka mu Nairobi, mayiwa anaika nsalu pansi n'kunena kuti, "Abambo, korona sanandiphe, koma inuyo mundimaliza. Zaka zonsezi tili m'dziko la nyanja yamchere, ine sindinaionepo. Ngati ndili wofa, ndife nditaiona."

Ndinakana, ndinakananso. Kenako ndinayamba kuganiza monga munthu wowerenga. Ndinati, mphepo ya panja akuti ndi yabwino kuposa ya m'nyumba. Ndiponso anthu ali ndi mantha, ndiye kugombe kukakhala zii, tikakhalako awiriwiri. Chimene sindinadziwe n'chakuti nzeru yomweyo inali m'mutu mwa Nairobi yense.

Tinakwera sitima ya ku Mombasa, ine nditavala masiki awiri. M'mawa mwake tuktuk, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, inatitula pafupi ndi gombe. Abale, nyanja sitinaione msanga. Tinayamba taona misana ya anthu. Anthu, anthu, anthu. Ena masiki ali pachibwano, ena pachigongono, ena anawasandutsa chopukutira thukuta. Ana akuthamanga kudutsa m'miyendo mwathu. Wogulitsa kokonati akukuika mpeni pamphuno, wobwereketsa machubu a galimoto osambirira akukukoka malaya, ngamila yonyamula ana ikukupumira m'khosi. Panali bambo wina wa yunifolomu ali ndi chimkuzamawu, akulengeza kuti tizitalikirana, iye mwini atapanikizika mpaka chipewa chitapendekeka.

Ndinawagwira mayiwa pamkono n'kuyamba kuwakoka. Kumanja anthu. Kumanzere anthu. Tikapeza kampata, tisanayale chitenje pafika banja lonse ndi mapoto. Wina anayetsemula kumbuyo kwanga, ine ndinalumpha ngati ndaponda moto.

"Abambo, tikhale pansi, mwandizunguza mutu."

"Osati pano."

"Nanga kuti?"

Ndipo ndinakweza maso. Madzi anali ataphwera kutali kwambiri, atasiya mchenga wonyowa wautali ngati bwalo la ndege. Kutsogolo uko kunali kachitunda ka mchenga woyera, kopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Mumtima ndinati, Mulungu watikonzera malo.

Apa mvetserani, makamaka inu ana asukulu. Ine ndinali nditawerenga kuti nyanja yamchere imapita n'kubwera chifukwa mwezi umaikoka. Ndinali nditawafotokozeranso mayiwa m'sitima, manja ndikugwedeza ngati mphunzitsi. Koma ndinawonjezerapo nzeru zanga zimene m'buku munalibe. Ndinati mwezi umatuluka usiku, ndiye madziwo amayenda usiku. Dzuwa lili pamutu chonchi, mwezi uukoka nthawi yanji? Kwathu nyanja mukaisiya apa m'mawa, madzulo mumaipeza pomwepo.

Tinauyamba ulendo. Tinadutsa pakachigwa pena pamene madzi ankangofika mu akakolo. Tinakumana ndi anthu angapo akubwerera kumtunda, mmodzi anafuna kutiyankhula, ine ndinagwira mpweya n'kuwalambalala patali. Mayiwa anafunsa kuti, "Nanga anthu onsewa bwanji sakupita kumeneko?" Ine ndinayankha mawu amodzi, ndipo amandikumbutsabe mpaka lero. Ndinati, "Sawerenga."

Titafika pakachitunda paja, sindinama, panali pokoma. Tinavula masiki. Mayiwa anayala chitenje, n'kuyamba kuimba chapansipansi, mphepo ikuwomba. Ndinawamvetsera, chifuwa chili bwinobwino. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonse ija ndinakhala pansi osafuna kudzukanso. Tonse tinayang'ana kutsogolo, kumene mafunde ankasweka patali. Ndinkati madzi akafuna kubwera tiwaona akubwera.

Anadzera kumbuyo. Tinazindikira chifukwa patapata ya mayiwa inayamba kuyenda yokha. Nditacheuka, kachigwa kaja kanali katasanduka mtsinje, waukulu, woyenda. Kachitunda kathu kanali katachepa ngati mphasa. Kumtunda anthu ankaoneka ang'onoang'ono, ena akutikupizira malaya. Kaya anayamba liti kutikupizira, sindidziwa, ife tinali titawapatsa msana.

Ine kusambira sinditha. Kwathu ku Ntchisi ndi kumapiri. Mayiwa nawonso satha. Ndinasenza chikwama pamutu, dzanja lina ndinagwira lawo, tinalowa. M'mawondo. M'chiuno. Madzi akutikokera cham'mbali, mchenga ukuthawa pansi pa mapazi. Tikuyenda koma kumtunda sikukuyandikira. Madzi atafika m'chifuwa mwa mayiwa, ndinamva kamphaka kaja kayamba kulira.

Mayiwa anaima. Pakamwa pali yasa, mpweya sukulowa. Anandiyang'ana, n'kuloza chikwama. Kapampu kanali m'chikwama, chikwama pamutu panga. Kuti nditsegule zipi ndinafunika manja awiri. Kuti ndikhale ndi manja awiri ndinafunika kuwasiya, ndipo ndikanawasiya madzi akanawatenga. Abale, mukundimva? Mankhwala ali pamutu panga, mkazi wanga akubanika pamaso panga, ine ndilibe dzanja.

Pamenepo ndi pamene ndinapemphera maso onse awiri. Silinali pemphero lokonza. Ndinangoti, "Ambuye, ndawatsekera mayiwa miyezi yonseyi kuti ndidzawamize ndekha? Ndine ndawabweretsa kuno. Nzeru zanga zathera pano. Chitanipo kanthu." Ndinabwereza, chitanipo kanthu, chitanipo kanthu, madzi amchere akundilowa m'kamwa.

Nditatsegula maso ndinaona mzere ukubwera. Anthu aja. Khamu lomwe lija ndinkalithawa. Anali atagwirana manja kuchokera kumtunda, wina kugwira wina, wina kugwira wina, kulowa m'madzi ndi zovala zomwe. Kutsogolo kunali bambo wamtali atakoleka chubu paphewa. Pambuyo pake mayi wina wonenepa wachisilamu, chovala chake chakuda chitayandama m'mbali. Pambuyo pake mdala wa dazi, kenako ena ndi ena mpaka kugombe. Wovala masiki panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo poti ndili m'nyumba ya Mulungu ndinene zoona: madzi ali m'khosi chonchi, m'mutu mwangamu munadutsabe kafunso kakuti, kodi awa asamba m'manja?

Bambo wamtali uja sanandifunse maganizo. Anawaveka mayiwa chubu, n'kuwakankhira kwa mayi wachisilamu uja. Iwo anatuluka mumzere, anzawo n'kulumikizana, anawakumbatira mayiwa n'kumapita nawo akugwira mapewa a anthu. Ine anandigwira m'khwapa n'kumandipatsirana ngati thumba la chimanga. Aliyense wondilandira ankandipumira kumaso n'kunena kuti, "Pole, Mzee," ndiye kuti pepani. Mmodzi anawonjezera kuti, "Wa ku Nairobi uyu." Anzake anaseka. Sindinawauze kuti ndine wa kutali kuposa pamenepo.

Pamchenga mayiwa anali atafooka, milomo itasintha mtundu. Zipi inandikana. Mayi wachisilamu uja anandilanda chikwama, n'kukhuthulira zonse pansi, n'kutola kapampu. Anakagwedeza monga munthu wokadziwa, anawatsamiritsa aNachisale pachifuwa pawo, n'kuwapopera. Anthu anatizinga, mitu yokhayokha pamwamba pathu. Mayi aja anakalipa m'Chiswahili kuti, "Futukani, munthu apume." Abale, chimene chimkuzamawu chinalephera tsiku lonse, mayi aja anachichita ndi mawu amodzi. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo.

Tinadikira. Anapoperanso. Kamphaka kaja kanayamba kuchepa, kuchepa, mpaka kanaleka. Mayiwa anatsegula maso n'kundipeza nditagwada pamenepo. Mawu awo oyamba anali akuti, "Patapata yanga ija yapita?" Ndinalira, abale, bambo wamkulu ngati ine, pamaso pa Mombasa yense.

Mayi aja sitinawafunse ndi dzina lomwe. Pamene tinkatolera katundu anali atalowa kale m'khamu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kuthithikana kuja kunali kwabwino. Matenda aja anali enieni, ndipo m'chipinda chino muli anthu amene anaonera maliro a makolo awo pa foni. Anthu amene analowa m'madzi aja anadziika pangozi pawiri, ya nyanja ndi ya ife alendo ochokera kumene matenda anali ochuluka. Titabwerera tinadzitsekera monga achipatala ankanenera, tinakayezetsa, ndipo tonse anatipeza tilibe matendawo. Sichinali chifukwa cha kuchenjera kwanga. Kuchenjera kwanga mwakuona kumene kunatifikitsa.

Chimene Mulungu anandichotsera ndi kujijirika kuja. Ndinkaganiza kuti mpweya wa mayiwa ndausunga ine, kuti ndikangophethira watha. Anandionetsa tsiku limene ndinalibe ngakhale dzanja lotsegulira chikwama, ndipo mayiwa anapumabe. Manja ndinapitiriza kusamba, masiki ndinapitiriza kuvala, koma ndinasiya kuima kumbuyo kwa munthu akusoka. Lero ndimakhala pansi. Ndimadya sukuma wosamveka sopo. Kuwerenga sindinasiye, kungoti tsopano ndimamaliza tsamba lonse.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu amene anatumiza anthu osawadziwa, ena osapemphera monga ife, kudzatitulutsa m'madzi. Ndikuthokoza inu, Abusa, ndi mpingo wonse, poti munkatiimbira foni ngakhale ine ndinkayankha ngati mlonda wa pageti. ANachisale, taimirirani akuoneni. Si awo, akupuma. Amene mukutha kuimba muimbe nafe, amene muli ndi nthungululu musaisunge, mutithandize kukondwa chifukwa patokha sitingakwanitse.

Koma musanayambe, ndimalize ndi aneba athu a khomo lotsatira, Mama Akinyi, amene amagulitsa chapati pageti. Masiku odzitsekera atatha, ndinawafotokozera nkhani yonseyi nditaima patali monga mwa chizolowezi changa. Anamvetsera manja ali m'chiuno mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mzee wa Malawi, miyezi yonseyi ndikakupatsani moni mumabwerera m'mbuyo ngati ndanyamula njoka. Lero mukundiuza kuti anthu osawadziwa akugwirani m'khwapa. Ndiye ine wa khomo lino, kuti mudzandiyankhe moni bwinobwino, ndidikire mpaka nyanja ifike ku South B?"