Malo a Lloyd m'Timu

Madzi a Shire atasefukira, pa benchi ya otchajitsa mafoni ku Bangula panakhala Mailosi, maso ali pa foni. Bambo wina wachipewa chachikulu, amene sankadziwana naye, anasuzumira.

"Achimwene, gemu ya nkhondoyi mukusewera nokha? Adani akuphwasulirani mudzi!"

"Timasewera awiri, ine ndi mng'ono wanga Lloyd. Ine ndimamanga mpanda, iye amatsogolera asilikali."

"Ndiye ali kuti?"

"Kutsidya, ku Makhanga. Chisefukireni madzi, foni yake sikupezeka. Ndikungodikira kuti mwina dzina lakeli liyaka."

"Ndilowetseni ine pamalo pakepo. Ndasewera ku Beira, ku Joni, ku Dar, palibe anandigwetsapo!"

"Timuyi ndi ya anthu awiri basi. Ndikamuchotsa, ndidziwira pati kuti ali moyo?"

"Aa, pepani, pakamwa panga pamathamanga. Koma taonani, layaka! Walowa!"

"Lloyd! Mulungu ngwamkulu! Koma dikirani kaye."

"Bwanjinso? Si uyo akuyendetsa asilikali?"

"Akuwabweza kumudzi. Akuwabisa kuseri kwa mpanda."

"Ndiye nzeru zimenezo. Inenso ndikanatero."

"Lloyd sabwerera m'mbuyo, bambo. Timakangana tsiku ndi tsiku pa nkhani yomweyi. Iye amathamangira adani ngati wamisala."

"Mwina madzi amuphunzitsa mantha. Muimbireni timve."

Mailosi anaika foni kukhutu.

"Ikuitana. Wayankha! Halo, Lloyd? Halo? Ndinu ndani inu? Foni ya mng'ono wangayi mwaitola pati?"