Mapulogalamu Odya Mpamba wa Matemba

Pa siteji ya Kachulu, mayi wina wogulitsa matemba ankakalipira foni yake. Bambo amene anakhala pambali pake anafunsa chimene chavuta.

"Mapulogalamu a pa intanetiwa! Kalaliki wanga ankangolembetsa, ina yowerengera nsomba, ina ya malisiti, ina sindikuidziwa n'komwe. Mwezi uliwonse akundidyera mpamba. Lero ndawafufuta onse."

"Kufufuta sikuletsa, mayi. Azingodulabe ndalama mpaka mutalowa ndi pasiwedi n'kuwaimitsa."

"Pasiwedi ali nayo ndi kalalikiyo, Yasini."

"Muimbireni."

"Ndinam'thamangitsa dzulo pamaso pa anthu! Wabwerera kwawo ku chilumba cha Chisi, foni wathimitsa."

"Mawa ndi pa wani, adulanso."

"Musandiphunzitse kalendala, bambo inu. Boti la ku Chisi linyamuka nthawi yanji?"

"Mukam'pepesa?"

"Ndikam'pepesa, inde. Koma malipiro sindim'kwezera."