Holo Yopanda Khomo

Mayi Zelifa, otsogolera kwaya ya mpingo ku Namitete, anaona ku Lilongwe holo yoimbiramo ili pakati pa mitengo ndi kapinga, mtima n'kuwauluka. Atabwerako anauza alamu awo a Chrispin, mmisiri wa mabalani a fodya, kuti amange yotero pansi pa mibawa kuseri kwa tchalitchi, chikondwerero cha makwaya chisanafike.

Itamangidwa, Mayi Zelifa anapita kukaiona Lachinayi. Anaizungulira kamodzi, kawiri, kachitatu akuthamanga.

"Alamu, khomo lili kuti?"

"Khomo lanji?"

"Lolowera anthu!"

"Aaa, paja munati mawu asamatuluke, eti?"

"Eya, ndinatero."

"Nanga mawu amatulukira pati? Si pakhomo?"

"Mawindo nawo?"

"Amenewo ndiye akuba enieni."

Mayi Zelifa anagwira m'chiuno. "Ine ndinati ikhale ngati ya m'tauni! Mawu azigunda khoma n'kubwerera kwa omvera!"

"Abwerera ndithu. Kopita alibe."

"Omverawo afika bwanji m'katimo?"

"Za omvera simunanene, alamu. Munangoti mawu."

"Mayo ine! Makwaya khumi ndi awiri akubwera mkuja, ena ochokera ku Nsaru! Abusa nawonso! Alowera pati?"

A Chrispin analoza makwerero otsamira khoma, ndi kabowo kamene anasiya kunsi kwa denga.

"Abusa akwere pamenepo? Ndi mkanjo?"

"Aupinde. M'katimo muli ena otsikira."

"Tengani hamala, muboole khomo lero lomwe! Koma ndiyambe ndaona zamanyazi zimene mwachita m'katimo."

Anamangitsa chitenje, nakwera akung'ung'udza, natsikira m'kati.

"Munthu wosamva inu!" anakuwa.

Mawuwo anakwera kudenga, nazungulira, n'kubwerera ali osalala ngati a anthu makumi atatu. Mayi Zelifa anatchera khutu. Anayesa "Aleluya" motsitsa. Tsitsi linawaima. Anayesanso mokweza, manja m'mwamba, mapazi ayamba kale kuponda. Zaka zonsezi akuimbira m'tchalitchi cha malata, sanadziwe kuti pakhosi pawo pali zoterezi.

Kenaka khoma linati gu! Gu!

Anakwera makwerero ngati mtsikana, natulutsa mutu pakabowo.

"Alamu! Mukutani?"

"Ndikuboola khomo lija."

"Wakutumani ndani?"

"Inu nomwe, posachedwapa."

"Ikani pansi hamalayo! Mukufuna mawu anga athawe? Thamangani mukauze abusa ayambe lero kuphunzira kukwera!"