Chibwenzi Chimene Munandinenera

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Amayi anzanga a Mvano, musaweramitse mitu. Lero ndiyankha funso lomwe munkafunsana kumjigo chaka chatha. Munkati, "Kodi Nachisale, wamasiye uja, wapeza mwamuna?" Eya, ndinali naye. Dzina lake Mantha. Ndinakhala naye zaka ziwiri, ndipo sanandigulireko ngakhale sopo.

Amuna anga atamwalira ndinapita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinkasamalira bambo wina, mphunzitsi wopuma, amene ankadwala matenda omwe madokotala amati mota nyuroni. Ndi matenda a mitsempha, amafoola thupi pang'onopang'ono. Ndinawapeza akuyenda ndi ndodo. Kenako supuni inayamba kuwagwa m'manja. Pamapeto pake ngakhale kumeza phala inali nkhondo. Ndikamawasambitsa ndinkaona minofu ya m'mikono ikuphiriphitha yokha ngati pansi pa khungu pali kachilombo. Anamwalira ine ndili pomwepo.

Ndinabwerera kuno ku Mulanje. Tsiku lina ndikusenda chinanazi, ndinangoona mnofu wa pansi pa chala chachikulu ukudumphadumpha. Mpeni ndinauponya uko. Ndinati basi, kwanga kwatha.

Ine amene ndinkaseka anthu oika kaudzu pachikope diso likamaphethira, ndinasanduka woombeza woposa onse. Kukacha, ntchito yoyamba kuyang'ana dzanja. Botolo ndinkalitsegula ndi kulitsekanso kakhumi, kuyesa mphamvu. Ndinkayenda chonyang'ama mpaka kumsika kuti ndione ngati miyendo ikadali yanga. Lilime ndinkalitulutsa pagalasi ngati buluzi. Ndikabwereka foni n'kuwerenga za matendawa, zonse zolembedwa mmenemo ndinkazipeza m'thupi mwanga tsiku lomwelo. Kupemphera ndinkapemphera, koma maso ali padzanja. Sindinauze munthu. Kunyadatu! Mtsogoleri wa Mvano angaope bwanji?

Ndiye mwana wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, Tamanda, mdzukulu wanga woyamba. Tsiku lotuluka m'chikuta, anthu atadzaza pakhonde, Esinati anabwera naye molunjika kwa ine. "Amayi, landirani mlendo wanu." Chala chinadumpha. M'maganizo ndinaona supuni ya aphunzitsi ija ikugwa pa simenti. Ndinabisa manja kumbuyo, ndikuti, "Apatse amayi ako aang'ono."

Inu mukudziwa za kwathu kuno. Munthu akakana kugwira khanda amati ndi wotentha, wachokera kwa mwamuna, akuopa kumutsempha mwana. Pofika Lamulungu nkhani inali itadutsa kale pa Chitakale. Ena munafika potchula ndi dzina lomwe, munamunamizira bambo wosoka nsapato amene sanandipatsepo ngakhale moni wachilendo. Ndinalola kutchedwa wachiwerewere kusiyana ndi kuvomera kuti ndikuopa.

Miyezi inayi mwanayo sindinamugwire. Tsiku lina masana Esinati anandipeza ndikuwaza nkhuni, iye misozi ili chuchuchu. "Amayi, ngati mwana wanga simukumufuna, nenani. Bambo ake akuti mwezi ukatha tisamukire kwawo ku Phalombe."

Apo ndiye ndinaulula zonse. Esinati anayang'ana nkhwangwa, anayang'ana mulu wa nkhuni. "Amayi, manja akufa ndi amene awaza zonsezi?"

M'mawa mwake anandikokera kuchipatala, ndipo kumeneko ananditumiza ku Blantyre kwa dokotala wa mitsempha. Ndinapita ndekha. Anandigogoda mawondo ndi kanyundo, anandiyendetsa uku ndi uku, kenako anati ndimufinye dzanja. Ndinafinya. Anakuwa, "Mayi, basi, ndili ndi odwala ena!" Anandiuza kuti minofu imadumpha kwa anthu ambiri, chifukwa cha kutopa, nkhawa, ngakhale tiyi wambiri. Zaka ziwiri osafooka paliponse, amenewo si matenda aja.

Mukuganiza kuti Mantha anachoka? Ayi ndithu. Mu minibasi yobwerera anakhala pambali panga osalipira, n'kumandinong'oneza kuti dokotala walakwitsa. Tikudutsa minda ya tiyi ya ku Thyolo, Ambuye anandikumbutsa chinthu. Aphunzitsi aja, manja atafa kale, ankandipempha ndi maso kuti ndiwagonekere mdzukulu wawo pachifuwa. Ankaseka mpaka dovu kutuluka. Munthu wodwala zenizeni anamulandira wake. Ine wa manja owaza nkhuni ndinamukana wanga. Manyazi anandigwira, ndinalira pamaso pa kondakitala. Ndinati, "Yesu, ndikhululukireni. Manjawa ndi anu. Tsiku lodzafooka mukulidziwa ndinu, koma lero ali ndi ntchito."

Nditafika sindinalowe n'komwe m'nyumba. Ndinamumasula Tamanda kumsana kwa mayi wake. Ku Phalombe sanapite.

Musaganize kuti chala chinasiya. Taonani, chikudumpha pompano. Chidumphe! Sichindilamuliranso ine. Mantha akabwera kudzagogoda, chifukwa amabwerabe, ndimamuuza kuti ukwati unatha, m'nyumba muno muli mwini wake. Alemekezeke Yesu amene anandibwezera manja omwe sanandilande munthu!

Iwe amene wakhala pamenepo, ukudziyeza thupi mobisa, usawononge zaka ziwiri ngati ine. Uza munthu. Pita akakuyeze. Zotsalazo bwera nazo kwa Yesu, lero lomwe.

Esinati, bwera naye kuno Tamanda. Inu amayi a Mvano, mukatuluka muno mukapepese kwa bambo wa nsapato uja. Koma poyamba yambitsani nyimbo, ndipo mundione bwinobwino ndikumunyamula.