Mawu Atatu a Kuseri kwa Nkhokwe

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Yesu. Aleluya! Pepani, sindinaimepo kutsogolo kuno. Koma ndili ndi umboni, ndipo wakana kukhala m'mimba.

Ndine mayi wa mapasa aja olira nthawi ya ulaliki. Ee, amayi kumbuyoko mukuseka, ndi omwewo. Wina ndi wakuda ngati bambo ake, wina anabadwa woyera. Tsiku lowaona koyamba, apongozi anga anaseka n'kunena kuti, "Koma awiriwa ndi a tambala mmodzi?" Iwo ankacheza. Ine mawuwo anandikhala ngati munga.

Amuna anga amaphunzira ku yunivesidade ku Maputo. Ine ndinalekeza kinta kalasi, kalasi yachisanu, Chipwitikizi changa ndi cha pamsika. Mwezi watha anabwera kudzamalizira maphunziro awo kunyumba. Tsiku lonse maso pa komputadori. Ukawapatsa mwana, kumugwira osamuyang'ana.

Kwathu telefoni imagwira kuseri kwa nkhokwe basi. Lachiwiri masana ndikuyanika matewera, ndinawamva akulankhula kumeneko m'Chipwitikizi. Ndinatolapo mawu atatu okha. DNA. Doishi. Separari.

Abale! DNA tonse timaimva pa wailesi, ndi ija amayezera ngati mwana ali wa bambo ake. Doishi ndi awiri. Separari ndi kulekanitsa. Thewera linagwa m'manja mwanga.

Amuna anga ndi Angoni, malowolo anapereka, ana ndi awo. Ndinati basi, atenga wakudayu, woyerayu andipirikitsa naye.

Sabata yathunthu chakudya sichinkatsika. Ndinkawazonda. Akawenga mwana zikhadabo, ine kutola zonse kukataya kuchimbudzi. Kansalu kopukutira dovu, ine kuchapa pomwepo, kuti asapeze chokayezetsa. Mpaka ndinamanga zovala m'kapulana, chitenje changa, kuti ndithawire kwa azakhali ku Dedza kudzera pa malire a Kalomwe, mwana wina kumbuyo, wina kutsogolo.

M'mawa wothawawo ndinagwada pafupi ndi mtolo uja. Ndinati, "Ambuye, inu mukudziwa, mwamuna wina sindimudziwa. Munawaika m'mimba imodzi, musalole munthu awalekanitse." Mumtima munabwera liwu limodzi lokha. Funsa. Ndinati ndikuopa. Linabweranso. Funsa.

Ndinawapeza pakhonde ndi komputadori yawo. Ndinati, "Bambo a ana, ngati mukufuna kuyeza ana anga, yezani ndili pompano. Koma simuwalekanitsa."

"Kuyeza ana? Ana ati?"

"Ndinakumvani kuseri kwa nkhokwe. DNA, doishi, separari."

Abusa, munthu anaseka mpaka kutsokomola. Ataona misozi yanga analeka. Anati, "Mayi a mapasa, khalani pansi. DNA imeneyo ndi ya mbatata."

Ya mbatata! Ndinati, "Kodi kachewere nayenso amakanidwa ndi bambo ake?"

Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono. Akuti chamoyo chilichonse chili ndi DNA, ili ngati ulusi wautali wolembedwa malangizo. Pali tinthu totchedwa mapuloteni, timagwira pa ulusiwo kutsegula kapena kutseka malangizo. Iwo akufufuza malo amene puloteni ina imagwira, chiwawu chikalowa m'mbatata. Ku laboratoriyo amaduladula ulusiwo, n'kutola tizidutswa tokhato timene puloteni yagwira, makina n'kutiwerenga. Komputadori imatiunjika, ndipo pamene pakwera mulu ndi pamene puloteniyo inagwira.

Anandionetsa chithunzi cha mulu wotakata. Anati, "Chondisowetsa mtendere ndi ichi. Komputadori ikuti mulu ndi umodzi. Aprofesori anga akuti mwina ndi iwiri yogundana, ndiilekanitse. Separari mwamva ija ndi imeneyi."

Ndinayang'ana, misozi isanaume. Paja ine ndakulira pamsika wa Domwe, kugulitsa mbatata ndi amayi anga. Ndinati, "Iyi ndi milu iwiri. Amayi awiri akaunjika moyandikana, m'munsi mbatata zimasakanikirana, koma nsonga zimakhala ziwiri. Onani kakhwawa aka pakatipa."

Anati, "Kakhwawa kokha sikakwanira. Mulu umodzi nawonso sukhala wosalala."

Ndinati, "Ndiye muone kuya kwake. Kakangolowa pang'ono, ndi mbatata imodzi yagubuduka. Kakatsika kwambiri, eni ake ndi awiri, ndipo mukaphatikiza ibuka ndewu."

Anandiyang'ana, kundiyang'ana, ngati andiona koyamba. Anati, "Ndi zomwezo ndikufuna kuiuza komputadoriyi, iyeze kuya kwa kakhwawa poyerekeza ndi nsonga yaifupiyo." Anasintha nambala imodzi. Abale, ndikuona ndi maso angawa, mulu uja unagawika, nsonga ziwiri, iliyonse ndi mtundu wake!

Kenako anaona mtolo uja pakhomo la chipinda. Anati, "Ndakulakwirani. Ndinayang'anitsitsa milu ya mbatata, osaona kuti mkazi wanga sakudya." Ananyamula woyera uja, n'kumukweza m'mwamba, amvekere, "Mphuno iyi ndi ya agogo anga, ndingaiyezerenji?"

Alongo anga, Satana sanandibweretsere mfiti kapena matenda. Anangonditolera mawu atatu, ena onse ndinawonjezera ndekha. Ndikanapanda kugwada, lero ndikanakhala ku Dedza, banja litatha chifukwa cha kachewere.

Zikomo Yesu pondiuza kuti funsa. Zikomo, zikomo. Mtolo ndinamasula, kapulana yake ndi iyi ndavalayi. Taonani pa benchi lachitatu apo, bambo aja akubisa nkhope, wakuda pa bondo ili, woyera pa bondo ilo. Milu analekanitsa, ana anga ayi!

Amayi, kodi nthungululu zanu mwasiya kunyumba? Imirirani mundithandize kukondwera! Aleluya!