Makina Oluka Aima Kuyambira Lolemba

— Halo?

— Halo, bambo. Ndine uja munandisiyira mpando ku fakitale ya nsalu.

— Aa, abwana. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu? Amayi ali bwanji?

— Ali bwino, bondo lokha ndi limene likuvuta. Nanga ana?

— Akusewera. Kupuma pantchito kukukomerani?

— Ndikuweta nkhuku. Izi sizifuna apudeti ngati makompyuta. Halo? Mukudukaduka.

— Dikirani ndiime pawindo.

— Ndiye kuti muli m'kachipinda ka kompyuta yakale kaja, mmenemo netiweki sigwira. Koma bwanji sindikumva makina oluka?

— Aima, bambo. Kuyambira Lolemba.

— Magetsi?

— Ayi. Ndine. Ndinkafuna kukonza sisitemu yakale ija kuti iyendere limodzi ndi zamakono. Ndinachotsa kompaila yanu, ija yomasulira mapulogalamu kuti makina amve, n'kuikapo yatsopano.

— Ndiye?

— Yatsopanoyo ikukana kumanga pulogalamu yoyendetsa makina. Anthu makumi anayi angokhala pa mabelo a ulusi. Ndikamadutsa amangoyang'ana pansi.

— Masiku atatu, osandiimbira?

— Ndikanayambira pati? Paphwando lokutsanzikani paja ndinanena pagulu kuti zachikale zituluke pamodzi ndi eni ake. Anthu anaseka. Inu simunaseke.

— Ndinamva.

— Pepani, bambo. Nambala yanu ndaitsegula kasanu lero, chala osadina.

— Mayi, imani kaye. Kompaila imeneyo sinali monga inabwerera. Ndinaisoka zigamba ndekha, zaka khumi ndi zisanu. Yatsopano singazidziwe.

— Koma m'mabuku munandisiyira mulibe zimenezo.

— Sindinalembe. Mwadala.

— Mwadala?

— Ndinkaopa kuti mukadziwa zonse andichotsa msanga. Munandifunsa kawiri konse muli wophunzira, ine n'kukutumani kukapukuta fumbi pa fani. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuzepo zimenezi.

— Bambo...

— Tsegulani kabati yachitsulo, shelefu yapansi. Muli madisiki atatu a kompaila yakale ija, omangidwa ndi mphira.

— Kabati ija ndinaitulutsa mwezi watha. Zonse zinapita kudzala.

— Hmm. Ena ndili nawo kuno, m'katoni ya nsapato. Ndibwera mawa m'mawa. Mugule kope lalikulu, ine ndizinena, inu muzilemba.

— Ndigula awiri.

— Koma mlonda akandilola? Khadi langa lolowera munalandira ndinu.

— Ndikakudikirani pageti ndekha. Bambo, mayunitsi akutha...

— Pageti, pamaso pa anthu onse aja?

— Pomwepo. Andione ndikukunyamulirani katoniyo. Moni kwa ama...

— Halo? Halo?