Palibe Anawafunsa Bambo Rautiainen

Amene tikuwaika m'manda lero ndi Bambo Veikko Rautiainen, obadwa mu 1962 ku Sotkamo, m'banja loweta ng'ombe zamkaka. Sukulu anayambira komweko, ndipo sanaime mpaka anatenga digiri ya udokotala pa za makompyuta.

Mu 1987 anakwatira Sirkka, wophika buledi, yemwe sukulu anailekeza ku pulayimale. Ndiye walemba mbiriyi, ndipo wakana kuti abusa aisalaze.

Malemu ankaphunzitsa a digiri yachiwiri mmene makompyuta ambiri amalumikizirana n'kugwira ntchito limodzi. Phunziro lawo lalikulu ngakhale Sirkka analiloweza, poti ankalibwereza ndi mu sauna momwe, bafa la nthunzi yotentha: kompyuta iliyonse izifunsa inzake pafupipafupi kuti, "Uli moyo?" Ikangoti zii, ina ithamangireko. Ku mpingo wa Lutheran ankaimba besi m'kwaya.

Mtima unayamba kuwavuta chaka chatha. Madokotala anati opaleshoni, iwo anati idikire kaye ophunzira amalize, sangawasiye panjira. Kosiyo panalibe wina woiphunzitsa. Akuluakulu a yunivesite, inu mwakhala kutsogoloku ndi nkhata zanu zamaluwa, zimenezo munkazidziwa.

Pa tchuthi cha Juhannus, pakati pa chilimwe, tauni yonse inathawira kutinyumba ta m'nkhalango. Malemu anatsalira kuti awerenge zolemba za ophunzira omaliza. Sirkka anapsa mtima. "Kwatirani makina anuwo, nkhalamba inu! Mbatata azikuphikirani omwewo." Iwo anangoseka. "Mayi, tsogolani, mukakoleze sauna. Ndikupezani musanamalize kulalata."

Sirkka anapitadi kunkhalangoko. Foni anaikwirira dala m'chikwama kuti bambo ayambe ndiwo kupepesa.

Malemu anagwa mu ofesi mwawo. Pulogalamu yochonga ntchito za m'kalasi, yomwe anapanga okha, inapitiriza kutumiza malikisi m'dzina lawo. Ophunzira inu munkalandira, n'kumayamikira kuti aphunzitsi sapuma. Anawapeza ndi mlonda, tchuthi chitatha.

Tsiku limenelo makompyuta awo onse m'chipinda chapansi anali akufunsanabe, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe yosowa. Munthu yekha ndiye sanafunsidwe. Mkulu wa dipatimenti sanafunse. Ophunzira sanafunse. Akwaya anaona mpando wopanda munthu, n'kuimba. Koma musazolike nokha. Sirkka sauna anaikoleza, inazizira, anaikolezanso, n'kukhala pakhonde akadali wokwiya, chikwama chili pamiyendo, osachitsegula. Dokotala akuti akanapezeka msanga, mwina akanachira. "Mwina" ameneyo Sirkka azidzuka naye mpaka adzawatsatire.

Malemu asiya mkazi wawo Sirkka, ana awiri, Tuukka ndi Marjukka, mdzukulu Eemeli, mchemwali wawo Mayi Orvokki, ndi ophunzira amene tsopano yunivesite yawapezera mphunzitsi wina mosavuta n'komwe.

Veikko, funso lija talifunsa lero, pabokosi. Iwo apumule mu mtendere. Ife otsalafe mtenderewo usatipeze msanga.